Kawaleti Kamene Ndinawasankhira Achimwene

Achimwene anga atabwera kuchokera ku Joni anatsika minibasi ndi chikwama chimodzi basi. Zaka zisanu ndi ziwiri munthu akumanga nyumba za eni ake kumeneko, n'kubwera ngati akuchokera kuchigayo! Anzawo ankafika ndi mafuliji, matiresi ndi njinga pamwamba pa basi. Amayi anawakumbatira, kenako anasuzumira kumbuyo kwawo kuti mwina katundu wina akubwera, ndipo ataona kuti kulibe analowa m'nyumba kukapukuta maso. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawafunsa pakhonde pomwepo kuti, “Achimwene, kapena akuthamangitsani?”

Anangoseka n'kugunda thumba la jekete lawo.

Tinkakhala m'malayini a kampani ya tiyi, m'munsi mwa phiri, zipinda ziwiri ndi kakhitchini kakunja. Amayi anayamba kuthyola tiyi ine ndisanabadwe, ndipo nthawi imeneyo anali atatsala ndi nyengo imodzi kuti apume. Nyumba ya kampani sikhala ya munthu. Ukasiya ntchito umapereka kiyi n'kuona msewu. Ife tinalibe mudzi wothawirako, chifukwa agogo athu anachoka ku Mozambiki n'kufikira pa esiteti pomwepo, bambo anamwalira ali pomwepo, ndipo malo athu enieni anali manda awiri okha. Ine ndinkasoka mayunifomu a sukulu pakhonde, ndalama yake yongokwana ndiwo. Choncho chilichonse chimene achimwene anasunga ku Joni chinali puloti ndi nyumba ya amayi. Tonse tinkadziwa zimenezi ngakhale sitinkazitchula.

Mawa lake amayi atapita kumunda wa tiyi, achimwene anandiitana m'nyumba n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti ku Joni analibe mapepala, ndiye banki sinkawalola kutsegula buku. Chaka choyamba ankasunga ndalama m'chitini, mpaka tsiku lina anthu awiri analowa m'kachisakasa kawo, wina n'kuwaika mfuti m'kamwa, mano awiri n'kuthyoka. Kuyambira pamenepo mnzawo wina anawaphunzitsa kugula ndalama za pa intaneti zija amati kiripito, n'kumazisunga pa foni. Koma foni imabedwa, ndipo akuba ena amalowa m'foni ali kutali osaikhudza n'komwe. Ndiye asananyamuke anapita m'sitolo kukagula kachipangizo kosungira kiyi wa ndalamazo, kamene iwo ankakatcha kawaleti. Wogulitsayo anawaonetsa mitundu iwiri, nawo mutu unazungulira, n'kugula tonse tiwiri.

“Iwe unafika Folomu Folo,” anatero. “Werenga timabukuti, undiuze koti tigwiritse ntchito.”

Kena kanali kakang'ono, kakuda, kofanana ndi fulashi imene ana a sukulu amasungira nyimbo. Kanali ndi timabatani tiwiri ndi kawindo kang'onong'ono koti zilembo zake uzichita kutsinzinira. Kanalibe batire, kankadzuka pokhapokha ukakalumikiza ku foni ndi chingwe. Kanzake kanali kokulirapo ngati kafoni, kagalasi lowala losindikiza ndi chala, kokhala ndi batire yakeyake ndi kadiso ka kamera kumbuyo. Kameneka sikankafuna chingwe ayi. Kankalankhulana ndi foni pojambulana tizithunzi tamadonthomadontho, ndipo kabuku kake kankanyadira kuti popeza sikakhudzana ndi foni, wakuba wa pa intaneti alibe polowera.

Timabuku tonse tiwiri tinkagwirizana pa chinthu chimodzi. Ndalama sizikhala m'kachipangizomo. Ukakayatsa koyamba kamakupatsa mawu achizungu makumi awiri ndi anayi, mawu wamba osagwirizana, lina la nyama, lina la chipatso, lina la chiwiya cha m'nyumba, ndipo uwalembe papepala motsatana bwinobwino. Mawuwo ndiye kiyi weniweni. Kachipangizo katafa, umagula kena, n'kulowetsamo mawu omwewo, ndalama zako n'kuonekanso. Koma aliyense woona mawuwo atha kusesa zonse ali kwawo. Ndipo kachipangizo ndi pepala zikatayika limodzi, palibe ofesi yokadandaulako, palibe bwana woti n'kumugwira mwendo.

Tinakangana masiku awiri. Achimwene ankafuna kakang'ono kaja. Ankati ku Joni anaphunzira kuti chinthu chabwino ndi chimene wakuba sachiyang'ana kawiri, ndipo fulashi aliyense ali nayo. Ine ndinawaseka. Ndinawagwira dzanja n'kuwaonetsa zala zawo zomwe, zonenepa, zong'aluka ndi simenti.

“Zala izi zisindikize timabatani iti? Mudzaphonya pini katatu, kadzifufute kokha, muzidzalira ngati mwana.”

“Eish, koma kowalako kamakopa maso, chemwali.”

“Maso a ndani? Mukufuna muzikayenda nako pamsika ngati wailesi? Kabuku kakuti kameneka ndiye kotetezeka. Kapena mwayamba kudziwa Chizungu kuposa kabuku?”

Pa mkangano ine sindigonja, ndipo kunyumba kwathu aliyense amadziwa. Achimwene anakweza manja. Tinayatsa kagalasi kaja, iwo akuwerenga mawu pang'onopang'ono, ine ndikulemba pa kakhadi kamene kanabwera m'bokosi, kokhala ndi mizere yoyambira wani mpaka twente-folo. Kenako anasamutsa zonse kuchoka pa foni. Kabuku kankanenanso kuti mawu omwewo tingawalowetse m'kachipangizo kachiwiri kuti kakhale kapadera. Ndinayesa mawu awiri pa timabatani tija, chala chinawawa, ndinati tidzachita Lamlungu. Kakang'onoko kanabwerera m'bokosi kopanda kanthu, n'kulowa m'sutikesi ya amayi. Ndinati tikoperenso mawuwo papepala lina, koma apa achimwene anakana kwamtuwagalu. Anati mapepala awiri ndi akuba awiri.

Vuto linali nyumba yathu. Kwathu kuno mvula simasewera, ndipo malata a m'malayini anali odontha ngati sefa. Khadi ya ubatizo ya amayi inawola ili m'Baibulo. Kuno pepala lililonse lofunika, satifiketi, khadi ya kusikelo, kalata ya ukwati, timakalimatitsa mu pulasitiki pa sitolo ina ya kumsika wa Chonde. Ndi zimene munthu wanzeru amachita, ndipo ine ndinkadziyesa wanzeru. Ndinati tipite tikamatitse, khadiyo ndikailowetsa m'makina ndekha, chozondotsa, mwini sitolo asaone. Magetsi anali atazima masiku atatu, batire ya kagalasi kaja inali itatsika, ndiye tinati tikatchajenso komweko. Umu ndi mmene kawaleti ndi khadi zinalowera m'jekete limodzi.

Chaka chimenecho mphekesera za anamapopa zinali zitadzukanso. Ankati kuli anthu achilendo oyenda ndi timakina, amapopera mpweya wogonetsa m'nyumba, n'kukupopa magazi uli mtulo. Aliyense anali ndi msuweni wa mnzake amene anadzuka ali wofooka ndi kabala pakhosi. Anthu anali atatha masabata osagona bwino, maso ali psuu, mitima ili m'mwamba. Ndisaname, nanenso ndinkakhulupirira pang'ono, ndipo ndinkatsamiritsa mtondo kuchitseko. Koma ndinkaganiza kuti anamapopa ndi anthu ena, obwera pa galimoto zamagalasi akuda. Sizinandifikire m'mutu kuti mwana wobadwira m'malayini, atanenepa, atasunga ndevu, atavala jekete lachikopa, akhoza kuoneka mlendo kwawo komwe.

Tinanyamuka m'mawa, tsiku la msika, dzuwa lili bwinobwino. Tinatsika minibasi tisanafike pa sitolo, ndipo pamenepo tinapeza chipika chili chopingasa kanjira kolowera kumsika. Amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi ankasecha zikwama za anthu. Wowatsogolera anali bambo wamfupi wovala gambutsi, chikwanje chili m'manja. Ine anangondiyang'ana n'kundikodola kuti ndidutse. Achimwene anawaimitsa.

“Akuluakulu, kwanu n'kuti?”

Achimwene anatchula esiteti yathu. Bamboyo anawafunsa kanthu m'Chilomwe, ndipo achimwene, amene Chilomwe chawo chinali chitachita dzimbiri, anachita chibwibwi n'kuyankha ndi “eish” wawo uja. Manja anayamba kulowa m'matumba awo. Wina anatulutsa foni, wina chitupa, wina anatulutsa kagalasi kaja.

“Ichi n'chiyani?”

“Ndi waleti, bwana. Yosungira ndalama.”

“Ndalama zilowa pati apa? Tsegulani tione.”

Achimwene anakana. Munthu amene anaikidwapo mfuti m'kamwa chifukwa cha ndalama satsegula chikwama pagulu. Wogwira kachipangizoyo anayamba kusindikizasindikiza yekha, galasi linayaka, linafunsa pini, iye anangobaya manambala, ndipo galasi lonse linasanduka lofiira. Anakuwa n'kukaponya pansi ngati kamuluma. Wina anakatembenuza ndi phazi n'kuona kadiso kaja.

“Kali ndi diso! Anamapopa! Tawagwira!”

Sindinaonepo msika ukusamuka mwachangu chotero. Azimayi ogulitsa anasiya tomato, akabaza anagwetsa njinga, anthu anatuluka m'masitolo ndi m'mashopu ometera, wina thovu lili kumutu. Ndinakuwa kuti ndi achimwene anga, mimba imodzi, koma mawu anga anamira. Khofi loyamba linawagwetsera chipewa. Kenako mpini wa khasu unawapeza pamsana, anagwada, wina anawaponda kumaso ndi nsapato. Ndinadziponya pakati, ndipo chigongono cha munthu chinandipeza pakamwa, ndinamva dzino likugubuduzika palilime. Wina anandikoka bulauzi mpaka inang'ambika, n'kundikankhira pa mulu wa mbatata.

Bambo wa gambutsi uja anati aone magazi amene ali m'kati mwa kachipangizoko. Anakaika pamwala n'kukatema ndi chikwanje. Kachiwiri galasi linamwazika. Kachitatu chikwanje chinaboola batire, ndipo inalira kuti tsiii, n'kutulutsa utsi woyera wonunkha moipa. Anthu anabalalika akutseka mphuno ndi zitenje.

“Mpweya uja! Akufuna atigoneke! Mupheni!”

Atabwerera, anabwerera ndi njerwa. Ine ndili pa mbatata paja ndinaona kachipangizo kakunyeka pamwala. Chimene chinatsala cha zaka zisanu ndi ziwiri, cha nyumba ya amayi, chinali kakhadi kamene kanali m'thumba la m'kati mwa jekete. Achimwene nawonso ankadziwa. Ndinawaona akupinda mkono pachifuwa pomwe panali thumbalo, n'kusiya mutu osauteteza. Njerwa inawamenya pamwamba pa khutu lakumanzere, ndipo phokoso lake ndimalimvabe. Magazi anatsika m'khosi mpaka m'shati.

Anawavula jekete mokoka, ndipo khadi inagwa. Anaitola mwamuna wina wa shati loyera, wooneka wophunzirako, n'kuikweza m'mwamba.

“Taonani! Mndandanda! Wani mpaka twente-folo! Awa ndi anthu amene akufuna kuwapopa, awalemba mobisa!”

Mayi wina anayamba kulira kuti mwina mwana wake ali pomwepo. Wa shati loyerayo anatulutsa foni yake yaikulu kuti ajambule khadiyo ikhale umboni. Achimwene, munthu amene ndinkaganiza kuti wakomoka, anadzuka pansi paja ngati wagwidwa ndi mizimu. Anamugwera mwamunayo, anamulanda khadi, n'kuifumbata, n'kudzipinda pansi dzanja lili pamimba. Kwa anthu aja umenewo unali umboni wokwanira. Munthu wosalakwa angafere kapepala? Anawamenya ndi chilichonse, mipini, miyala, tcheni cha njinga. Ankaponda dzanja lija kuti litseguke, koma silinatseguke. Kenako ndinaona tayala lakale likugubuduzidwa kuchokera kwa okonza njinga zamoto, ndipo kumbuyo kwake munthu atanyamula botolo la petulo.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wachikulire wogulitsa nanazi, amene kale ankathyola tiyi gulu limodzi ndi amayi. Anandizindikira, anandidzutsa, n'kundipukuta pakamwa ndi chitenje chake. Anali ndi liwu lalikulu la munthu wozolowera kuitana anzake kutsidya la munda. Analowa pakati akundikoka, n'kukalipa m'Chilomwe kenako m'Chichewa.

“Uyu ndi telala wa kumalayini, mayi ake ndimawadziwa! Anakusokerani mayunifomu a ana anu uyu!”

“Mkaziyo tamumva,” anatero wa gambutsi, akupuma mwaphuma. “Nanga mwamunayu? Bwanji akukakamira mndandanda?”

“Si mndandanda!” ndinakuwa, magazi akutuluka ndi malovu. “Ndi kiyi wa ndalama zake! Ndinalemba ndine!”

Anthu anaseka kuseka koipa. Tayala linali litafika, ndipo awiri analikweza n'kuwaveka achimwene m'khosi. Wa botolo anatsegula chitsekerero. Fungo la petulo linandilowa mpaka m'mutu. Mayi wa nanazi uja anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza chiwaya cha tchipisi chimene mwini wake anachithawa, nkhuni zikuyakabe pansi pake.

“Ngati pepalalo ndi la ntchito yawo yoipa, sangalole kuti lipse,” anatero mokweza. “Akaliwotcha okha, ndiye kuti mndandanda watha, palibe apopedwe. Mumusiye apite kupolisi. Mwamva?”

Ena anang'ung'udza, koma ambiri anavomera, poti ngakhale pagulu lolusa pamakhala anthu amene akufuna chifukwa choti asaphe. Wa gambutsi anawerama n'kunena kuti, “Wamva? Wotcha wekha.” Achimwene anapukusa mutu, tayala lili m'khosi, diso limodzi litatsekeka. Wa botolo anawathira petulo pamutu ndi pamapewa. Wina anali akugwedeza kale bokosi la machesi.

Ndinagwada pafupi nawo. Ndinati, “Achimwene, ndipatseni.” Anandiyang'ana ndi diso lotsalalo n'kunena motsitsa, mawu akutuluka movutika chifukwa chibwano chinali chitasweka, “Nyumba ya amayi, chemwali.” Ndinagwira dzanja lawo. Zala ziwiri zinali zitathyoka kale, koma zotsalazo zinali zolimba ngati chitsulo. Ndinakoka, osatheka. Ndinawapempha, ndinawatukwana, ndinatchula bambo athu ali m'manda. Kumbuyo kwanga ndinamva machesi akukhwekhwereza pabokosi. Pamenepo ndinawerama n'kuwaluma padzanja, pa chala chothyoka chomwecho, ndi mano anga otsala, mpaka ndinamva fupa likusuntha. Anakuwa, dzanja linatseguka.

Khadi inali yonyowa ndi magazi ndi thukuta, koma zolemba zanga zinkaoneka bwinobwino. Kuchoka pamene panali achimwene kufika pachiwaya panali masitepe ngati khumi. Ndikuyenda ndinayesa kuwerenga kuti ndisunge m'mutu, koma maso anali odzaza misozi, anthu akundikankha kumsana. Ndinaona liwu loyamba ndi lachiwiri basi. Ndinaiponya pansi pa chiwaya. Inachedwa kugwira chifukwa cha kunyowa, ndipo wa gambutsi anaikankhira m'kati ndi nsonga ya chikwanje. Inapindika, inada, inatha.

Mayi wa nanazi anachotsa tayala lija yekha, n'kukhala pansi, n'kuika mutu wa achimwene pamiyendo pake, kuti woponya mwala aponyere iye. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, ena akutola tomato wawo, ena akufunsana kuti kodi munthuyo ndi wa kuti kwenikweni. Apolisi anafika zonse zitazizira. Anatikweza kumbuyo kwa galimoto, achimwene atagona pa chitenje cha mayi uja, akununkha petulo, ntchentche zikutsatira.

Anakhala m'chipatala milungu isanu. Chibwano anachimanga ndi mawaya, khutu lakumanzere linafa, ndipo dzanja lamanja silinathenso kugwira chipande chomangira. Amayi ankagona pansi pa bedi lawo, ine ndinkabweretsa phala m'botolo kuti azimwa ndi kapaipi. Ndikalowa, ankatembenukira kukhoma. Ndinkati ndi ululu. Amayi nditawafotokozera zonse, kuti ndalama zilipo koma palibe angazitenge, sanamvetse, ndipo mpaka lero samvetsa. Anangoti, “Bola mwana wanga ali moyo,” n'kupitiriza kuwapukuta kumaso. Nyengo ya tiyi itatha anapereka kiyi ku kampani. Tinasamukira m'kachipinda ka lendi kuseri kwa chigayo, atatu tonse, makina anga osokera ali pakhomo.

Mkwiyo umene ndinali nawo sindingaufotokoze. Ndinkakwiyira wa gambutsi, amene ndimakumana naye mpaka pano atanyamula makasu ake ngati munthu. Ndinkakwiyira wa shati loyera ndi Chizungu chake cha theka. Ndinkakwiyira amene anapanga chinthu choti mawu akapsa, thukuta la munthu lizingooneka pa foni ngati katundu wa m'sitolo yotseka. Pakuti zimaoneka ndithu. Achimwene akatsegula foni yawo, imene apolisi anatibwezera, ndalama zawo zimakhala pomwepo, zonse, osachotsedwa ngakhale pang'ono. Koma koposa onsewo ndinkadzikwiyira ndekha, ine wa Folomu Folo, wodziwa kuwerenga timabuku.

Mawaya atachotsedwa, tsiku lina m'mawa amayi atapita kukatunga madzi, achimwene anandiitana koyamba chichitikireni zija. Anakhala pa mpando kunja, akuyang'ana kuphiri. Pambali pawo panali kope latsopano ndi pensulo.

“Lemba,” anatero.

Anayamba kutchula mawu achizungu, limodzilimodzi, lilime likulemera. Ndinazindikira awiri oyamba aja.  Ndinali ndisakudziwa kuti masiku amene khadi inali m'nyumba, iwo ankaiwerenga mobisa kuti ailoweze. Anafika pa liwu lachisanu ndi chinayi n'kuima. Anatseka maso, anagwira pamwamba pa khutu pamene panagwa njerwa, anatchula ena awiri, kenako anati ayi, limenelo linali kumapeto. Tsiku limenelo tinapeza khumi ndi limodzi. Mawa lake analipo khumi ndi atatu, koma anayi anali osiyana ndi adzulo, ndipo dongosolo linali litasintha. Mawuwo amafunika onse, aliwonse pamalo pake. Tinadzaza kope loyamba, tinagula lachiwiri.

M'mawa uliwonse zinali zomwezo, iwo kuyang'ana kuphiri, ine kulemba. Sanandikalipirepo, sananenepo za kagalasi kaja, kapena za pulasitiki, kapena za dzanja lawo. Kukhala chete kwawoko kunkandipweteka kuposa dzino lija. Tsiku lina, atasinthanso liwu lachisanu ndi chiwiri kachitatu, mtima unandiphulika. Ndinaponya kope pansi.

“Achimwene, mukanapsa! Machesi anali atayatsa kale! Mukanapsa inu, khadi n'kupsera limodzi, amayi n'kutsala opanda nyumba, opanda mwana! Mukufuna ndizipepesa mpaka liti? Tandiyang'anani!”

 Chigayo chinali chitayamba kulira, ndiye achimwene anachita kutembenuza khutu lamoyo kuti amve ngati ndamaliza.

“Ndikudziwa, chemwali,” anatero. “Unachita bwino. Ukanakhala iwe pa tayala paja, inenso ndikanakuluma.”

“Nanga bwanji simundiyang'ana?”

“Ndimayesa. Ndikakuyang'ana ndimaona ukupita kuchiwaya kuja. Mwina zidzatha. Tola kope.”

Ndinatola. Pano tili pa kope lachisanu ndi chimodzi, ndipo akamatchula mawu amayang'anabe kumbali.